Fizikisi ya Thupi M'nyengo Yothyola Fodya

Pa maphunziro onse amene ndinachita ku yunivesite, limene linanditopetsa kwambiri linali la m'chaka chachitatu, lotchedwa fizikisi ya thupi la munthu. Ndinalisankha ndekha. Ndinkaganiza kuti nditatha zaka ndikulimbana ndi mawaya ndi maginito, ndidzapumulako pophunzira za chinthu chamoyo. Koma ndinapeza kuti thupi nalonso analisandutsa masamu. Mtsempha unali paipi, mtima unali pampu, ndipo ngakhale ululu unali magetsi oyenda m'minyewa. Chilichonse chinali ndi masamu ake, ndipo masamuwo anali aatali.

Mphunzitsi wathu anali bambo wachikulire wa imvi, amene ankalowa m'kalasi ngati munthu amene wayenda ulendo wautali wapansi. Sankakweza mawu. Ankalemba pa bolodi kuyambira kumanzere mpaka kumanja, n'kufufuta ndi chikhatho, n'kuyambiranso. Pofika kumapeto kwa phunziro malaya awo ankakhala atayera ndi choko, ife mitu ikuwawa. M'labu munali makina angapo ofunditsidwa nsalu, akuti akudikira munthu wodzawakonza. Chimene chinkagwira ntchito chinali kachipangizo koyezera kuthamanga kwa magazi, kopopa ndi dzanja, ndipo tinkapimana tokhatokha mpaka mikono kuchita dzanzi.

Mayeso a phunzirolo ndinalephera. Sindinalephere kwambiri, choncho anandilola kudzalembanso tchuthi chikatha. Tchuthicho chinagwa mu Febuluwale, mvula ili pakati, ndipo ndinanyamula mabuku anga kupita nawo kwathu, m'mudzi wina kuseri kwa Santhe. Maganizo anga anali oti ndikakhala pakhonde ndikuwerenga mwakachetechete.

Nditatsika kabaza pakhomo, ndinapeza ababa akuchokera kumunda wa fodya atavala patapata. Zinandidabwitsa, chifukwa iwo nyengo ya mvula sankasiyana ndi majombo awo. Tinapatsana moni, anandifunsa za ulendo, koma chiganizo chilichonse ankachidula pakati kuti apume. Atakhala pampando ndinaona mapazi awo. Anali otupa mpaka m'miyendo, khungu likunyezimira.

"Majombo aja akana kulowa," anatero ataona kuti ndikuyang'ana. "Ndi kuima kwambiri kumeneku."

Amayi anadikira mpaka ababa atapita kukasamba. Kenako anandiitanira kukhitchini n'kundiuza motsitsa mawu kuti bambo anga sagonanso chagada. Amagona chokhala, atatsamira khoma, chifukwa akagona pansi amabanika. Mchimwene wanga wamkulu, amene kale ankawathandiza ntchito zolemetsa, anali atapita ku Joni, ndipo munda wonse unali pamapewa pa anthu awiri okalambawa.

Madzulo ake ndinapempha ababa kuti andionetse mwendo. Ndinadina ndi chala chachikulu pa msongolo, n'kuchotsa. Panatsala kadzenje, ndipo sikanabwerere msanga. Ndinakhala ndikukayang'ana. Ndinkadziwa chimene chinkachitika. Mtima ukafooka, magazi amaunjikana m'mitsempha, n'kumakankha makoma ake, ndipo madzi amatulukira m'mnofu. Masamu ake ndinali nawo m'chikwama, tsamba lathunthu.

"Mwapeza chiyani, adokotala?" anandifunsa akumwetulira.

"Ababa, ine si dokotala. Ndakuuzani kale."

"Nanga thupi la munthu limene mukuphunziralo?"

"Timaphunzira mmene limagwirira ntchito. Sitiphunzira kuchiza. Koma zimene ndikuonazi n'zofunika kuchipatala. Ndikuganiza kuti ndi mtima."

Anabweza mwendo wawo n'kutsitsa buluku. "Fodya akalowa m'chigafa ndipita, mwanangu. Masamba akhwima. Tsamba likakhwima silidikira munthu."

Sindinawatsutse mwamphamvu, chifukwa ankanena zoona. Ndinakulira m'fodya wa bale. Ndinkadziwa kuti masamba a pansi akayamba chikasu muyenera kuwathyola sabata yomweyo, apo ayi amaolera pamtengo. Ndinkadziwanso kuti fodya yemweyo ndi amene anandipititsa kusukulu. Choncho tinagwirizana kuti ine ndizithyola m'malo mwawo, iwo azikhala m'chigafa n'kumasoka masamba, ntchito ya pansi. Gawo lalikulu likatha, apite kuchipatala. Anavomera mosavuta, mwina chifukwa ankaganiza kuti sindipirira.

Masiku anga anakhala motere. M'mamawa ndinkalowa m'mizere ndi amayi, kuwerama, kuthyola, kupanikiza masamba m'khwapa mpaka mtolo ukule, kukautula, kubwereranso. Utomoni wa fodya unkamata m'manja n'kuda ngati phula, ndipo sopo sankauchotsa. Masana tinkatuta masamba kupita nawo kuchigafa, kumene ababa ankawasoka pa zingwe n'kuwapachika pa mikangala. Dzuwa likapendeka ndinkatsegula buku. Nthawi zambiri ndinkawerenga mizere yochepa chabe, n'kudzidzimuka buku lili pansi, nkhuku ikulipondaponda.

Anthu a m'mudzi nawo anamva kuti ndabwera. Ankandipeza kuchigafa komweko. Wina msana, wina mwana sakudya, wina amamva kulira m'khutu. Onse ndinkawayankha chimodzimodzi, kuti apite kuchipatala, ndipo ankachoka akuoneka okhumudwa. Mayi wina wa kumpingo kwathu anafunsa amayi, ine ndikumva, ngati kusukuluko ndikuphunziradi kanthu. Sindinakwiye. Inenso ndinkadzifunsa zomwezo.

Kenako mvula inagwa masiku otsatizana osalekeza. Masamba sankauma. Tinkalowa m'munda atanyowa, madzi akuchucha, ndipo pasanapite nthawi bulauzi inkamata pathupi. M'kalasi tinaphunzira za zimenezi. Chikonga cha m'fodya chimasungunuka m'madzi a pa tsamba, ndipo khungu lonyowa limachilowetsa m'magazi mosavuta, makamaka malo ofewa ngati m'khwapa. Mphunzitsi wathu anachita kujambula khungu pa bolodi, ndi timivi tolowa mkati. Ndinayesa kuvala thumba la feteleza loboola pamutu ndi m'mbali, koma munali kutentha ngati m'ng'anjo, ndipo linkandichedwetsa. Ndinalivula n'kulipachika pa chitsa.

Tsiku lina, dzuwa lisanafike pamutu, ndinamva malovu akudzaza m'kamwa. Nditaweramuka munda wonse unazungulira. Ndinakhala pansi pakati pa mizere n'kuyamba kusanza. Thukuta lozizira linali thupi lonse, mtima ukugunda ngati ndathamanga.

"Waledzera fodya," anatero amayi atandipeza. "Zimachitika. Tiye ukagone, zitha."

Anandigwira mpaka kunyumba, anandivula zonyowa zija, anandisambitsa ngati mwana. Koma sizinathe. Madzi alionse amene ndinkamwa ankabwerera. Pofika masana ndinkalephera kuima, miyendo ikunjenjemera, ndipo amayi akandilankhula mawu awo ankamveka ngati akuchokera kutali.

Linali tsiku la msika ku Santhe, ndipo anyamata onse a kabaza anali komweko. Ababa anaima pakhomo la chipinda changa akundiyang'ana, kenako ndinamva akutulutsa njinga yawo.

"Inu simungathe," anatero amayi. "Ndi mapazi amenewo?"

"Nanga tidikire mpaka mwanayu aume? Mumangeni ndi chitenje asagwe."

Amayi anandikweza pa kaliyala, n'kundimanga m'chiuno ndi chitenje, kumangirira kwa ababa. Ndinakumbatira mimba yawo n'kutsamira mutu pamsana pawo. Tinanyamuka. Msewu wathu ndi wathyathyathya, koma unali matope, ndipo njinga inkaterereka. Khutu langa linali pa nthiti zawo. Nthawi iliyonse akakoka mpweya ndinkamva kuthetheka mkati, ngati madzi oyamba kuwira m'ketulo. Ndinali ndisanamvepo phokoso limenelo mwa munthu wamoyo. Ndinangowerenga za ilo. Anali madzi m'mapapo.

"Ababa, imani," ndinatero.

Anapitiriza kupalasa. Mwina analibe mpweya woyankhira. Titafika pa kachitunda ka pafupi ndi mjigo anatsika, anamasula chitenje, n'kuyamba kukankha njinga ine ndili pompo. Ankayenda pang'ono, n'kuima, chipumi atachitsamiritsa pa chiwongolero. Patapata imodzi inatsalira m'matope, ndipo sanabwerere kukaitenga. Ndinkafuna kutsika kuti ndiwapepukire, koma ndinkadziwa kuti ndikatsika ndigwa, ndipo adzafunika kundinyamula.

Chipatala chathu n'chaching'ono, cha zipinda zowerengeka. Tinapeza mayi wina wa chipatala, wa zovala zoyera, akumaliza kuona odwala a tsikulo. Maso ake anali ofiira ndi kutopa. Anatiyang'ana tonse awiri titakhala pabenchi, ine nditawerama, ababa atatsegula pakamwa ngati nsomba.

"Wodwala ndi uti?" anafunsa.

"Mwanayu," anatero ababa. "Fodya."

Mayiyo anandigoneka pabedi, anandibaya diripi, n'kundiuza kuti ndikhala bwino pofika mawa. Akuti nyengo ino amalandira ambiri otere. Atamaliza anatembenukira kwa ababa, amene anali ataima pakhomo atagwira felemu.

"Bambo, takhalani apa."

"Ine ndangoperekeza."

"Ndamva. Takhalani."

Anawakulunga lamba pamkono n'kupopa. Anayang'ana, anatulutsa mpweya, n'kupopanso kachiwiri. Anawamvetsera pamsana nthawi yaitali. Kenako anawadina pamwendo, monga ndinachitira ine.

"Zinayamba liti izi?"

Ababa anayang'ana kudenga. Ndinayankha ndine, ndili chigonere. Ndinafotokoza za kugona chokhala, za kudula mawu, za kuthetheka kumene ndinamva panjira. Mayiyo anandiyang'ana.

"Muli pasukulu ya zachipatala?"

"Ayi. Fizikisi. Koma timaphunzirako za thupi."

"Ndiye mukudziwa chimene chikuchitika."

"Ndikudziwa chifukwa chake madzi akutuluka m'mitsempha. Chochita sindikuchidziwa."

"Chochita n'chomwechi," anatero akulemba. "Bola afika." Anauza ababa kuti bipi yawo yakwera kwambiri, mtima watopa, ndipo sangawalole kubwerera kumudzi. Awabaya jakisoni wochotsa madzi, ndipo ambulansi ikabwera apita ku Boma.

"Mayi, ndili ndi fodya m'munda," anatero ababa.

"Aliyense amene amabwera muno ali ndi fodya m'munda, bambo."

Sanatsutsenso. Ndikuganiza kuti ulendo wa panjinga uja unali utawauza kale zimene ine ndinalephera kuwauza. Anawagoneka pabedi loyandikana ndi langa, atawatsamiritsa pa mapilo. Kenako anatembenuza mutu n'kundifunsa ngati masamba a m'mawa aja tinawalowetsa m'chigafa kapena anatsala panja. Ndinawauza kuti sindikudziwa.

Ambulansi inabwera dzuwa likulowa. Amayi anali atafika wapansi, atanyamula bulangete ndi majombo a ababa, ngakhale ankadziwa kuti salowa. Anakwera nawo limodzi kukawadikirira ku Boma. Ine ndinatuluka m'mawa mwake, ndipo ndinabwerera kumudzi ndikukankha njinga ija.

Masabata otsatira sindiwakumbuka bwino. Ndinatsala ndekha ndi munda. Azimayi a kumpingo ankabwera masiku ena kudzandithandiza kuthyola, kuphatikizapo mayi uja amene ankakayikira sukulu yanga, ndipo iye ndi amene ankafika woyamba. Koma nawonso anali ndi minda yawo. Tsopano ndinkadikira kuti masamba aume ndisanalowe m'mizere, ndipo masiku a mvula ndinkavala thumba lija ngakhale litenthe. Zimenezi zinkandichedwetsa. Mbali ya kumunsi kwa munda inapsa ndikuona. Masamba anachita chikasu, kenako mawangamawanga, kenako anagwa okha n'kununkha. Ndinkadutsa pamenepo osayang'ana.

Amayi ankandiimbira foni kuchokera ku Boma. Ankati mapazi akuphwa, bambo ako ayamba kugona chagada, akufunsa za fodya. Ndinkawauza kuti fodya ali bwino. Buku ndinkalitsegulabe madzulo, koma tsopano ndikawerenga za mphamvu imene magazi amakankhira makoma a mtsempha, ndinkaona mwendo wa ababa. Sizinapangitse masamuwo kuphweka. Ankangondilemera mwa njira ina.

Ababa anatuluka kutatsala masiku ochepa kuti ndibwerere kusukulu. Anali ataonda, khungu la m'miyendo litakwinyika. Anabwera ndi mapaketi a mapiritsi ndi lamulo loti asadye mchere. Asanalowe n'komwe m'nyumba anapita kumunda, pang'onopang'ono, ine ndikuwatsatira. Anaima pa mbali yowola ija nthawi yaitali.

"Wayesetsa," anatero pomaliza. Sananenenso china za mundawo, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Mayeso obwereza tinalembera m'kalasi yaing'ono, anthu ochepa, aliyense akupewa maso a mnzake. Ndinali nditatopa kwambiri moti pa funso lina ndinapeza kuti ndakhala ndikuyang'ana pawindo osalemba kanthu. Ndinayankha zimene ndikanatha. Popereka pepala, mphunzitsi uja anayang'ana zala zanga. Utomoni unali udakali m'zikhadabo ndi m'ming'alu ya khungu.

"Kwanu n'kuti?" anafunsa.

"Ku Kasungu."

"Wa bale?"

"Eya."

Anagwedeza mutu. "Ine ndinasiya kuthyola ndili mnyamata, koma fungo lake ndimalimvabe mvula ikagwa." Anaika pepala langa pamwamba pa ena n'kuitana wotsatira. Aka kanali koyamba kuwamva akulankhula chinthu chimene sichinali pa bolodi.

Ndinakhoza, koma mwapang'ono, malikisi ongokwanira kuti ndipitirire. Nditaimba foni kunyumba, amayi anathokoza Mulungu, ndipo ababa anafunsa ngati tsopano ndayamba kuphunzira zochiza. Ndinati ayi. Anati chabwino, mwina chaka chamawa.

Chaka chimenecho ndinawachonderera kuti asiye fodya, adzale soya kapena mtedza ngati anzawo ena. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Nditabwera pa tchuthi china, ndinapeza nazale ili kale kudambo, yofunditsidwa udzu, yaing'ono kuposa ya kale koma ilipo. Amayi ndi amene ankatunga madzi othirira. Ababa ankakhala pa ndowa yovundikira n'kumawauza pothira. Ndinalibe mphamvu zoyambiranso nkhaniyo. Ndinatenga khasu n'kukawathandiza kupanga mizere.

Ndinamaliza yunivesite chaka chotsatira. Pa tsiku lolandira madigiri, makolo anga anabwera pa basi, ababa atavala jekete yawo ya kutchalitchi imene tsopano inkawakulira. Holo inali pamwamba, ndipo panali masitepe ambiri. Anakwera pang'ono, anaima, anayang'ana otsalawo, n'kuuza amayi kuti apitirire okha. Iwo anabwerera pansi n'kukakhala pa kakhoma pansi pa mtengo, pafupi ndi chimkuzamawu chimene anaika panja kuti anthu osalowa azimva.

Mwambo utatha ndinawapeza pomwepo, chipewa chili pa bondo. Ndinawapatsa pepala langa. Analigwira m'mphepete ndi nsonga za zala kuti lisade, n'kuliwerenga pang'onopang'ono, milomo ikuyenda.

"Dzina lako sindinalimve," anatero. "Chimkuzamawuchi chimadukaduka. Koma ndinamva mayi ako akululutira, ndiye ndinadziwa."

Amayi anatsegula kontena ya mpunga ndi nkhuku imene anaphika kumudzi, ya ababa payokha yopanda mchere. Tinadyera pa kakhoma pomwepo, anthu akujambulitsa mbali zonse. Sitinakhalitse. Basi yobwerera ku Kasungu inkanyamuka masana, ndipo ababa ankafuna kufika pa siteji nthawi ikadalipo kuti apeze mpando wa pawindo, chifukwa pakati pa anthu ankabanika.